A Nakhwala ndi Moto Wopanda Paipi

Mtanda wa pamanda a Aphunzitsi a Nakhwala ndawotcherera ndine. Mwana wawo Lusiya anabwera pa shedi mwezi wathawu, nati chaka chakwana, akufuna kumanga chiliza. Ndinadula chitsulo, n'kuwotcherera, n'kupaka penti wakuda. Ndikugwira ntchitoyo ndinkangocheukira pampando pawo. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndikukumbuka. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo sindine wolankhulalankhula. Wolankhula anali iwo. Ine ndinkamvera manja ali pa ntchito.

Shedi yanga ili ku Chilomoni, m'mbali mwa msewu wokwera chakuphiri. Ndimapanga mageti, zitsulo za m'mawindo ndi mbaula, ndi kulumikiza chilichonse chothyoka. A Nakhwala ankakhala chakumtunda. Anaphunzitsa sayansi ku sekondale mpaka kupuma. Akazi awo anali atamwalira kale, ndiye ankakhala ndi Lusiya, yemwe ndi namwino. Munthu wamtali, wowonda, jekete osavula ngakhale mu Okutobala. M'thumba lina mtedza wokazinga, m'thumba lina chithunzi.

Chithunzicho anachidula m'magazini omwe wophunzira wawo wakale ankawatumizira kuchokera kunja. Sichinali chokongola. Kadontho kowala pakati pa mdima, ndi kamzere kopyapyala kotuluka pambali pake. Basi. Ankachionetsa aliyense: makondakitala, amayi ogulitsa tomato, abusa. Ambiri ankachitembenuza kuti aone ngati kuseri kuli china.

Tsiku loyamba anabwera ndi ambulera yothyoka nthiti. Ndinayatsa tochi ya gasi yowotcherera zitsulo. Moto wa tochi umayamba wachikasu, wotakasuka, wa mwaye. Ukatsegula mpweya wa okosijeni umasonkhana n'kukhala kansonga kabuluu.

"Amisiri, tabwerezani zimenezo," anatero.

"Ziti?"

"Motowo unali wobalalika, tsopano waongoka. Chauongola n'chiyani?"

"Nozo. Kamwa ya tochiyi."

"Mukaichotsa?"

"Ndipsa."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatulutsa chithunzi chija. Anati kamzereko ndi moto nakonso, woongoka kuposa wangawo, wautali moti kuwala kungayende zaka zikwi zambiri kusanafike kunsonga kwake. Anati kumeneko kulibe nozo, kulibe paipi, kulibe mmisiri wougwira. Ndiye chauongola n'chiyani?

"Sindidziwa," ndinatero.

"Ine ndimadziwa theka lake," anatero. "Theka linalo ndi lomwe landikalambitsa."

Ambulera anaiiwala. Mawa lake anabwera kudzaitenga, n'kuiiwalanso. Pakona pa shedi panali mpando wa minibasi wong'ambika womwe mwini wake sanabwererenso kudzautenga. Unakhala wawo.

Zomwe ndinatolapo ndi izi. Ngati pali polakwika, ndalakwitsa ndine, osati iwo. Kadontho kaja amati kweyiza. Si nyenyezi. Ndi mtima wa mlalang'amba wina wakutali kosaneneka, moti kuwala komwe kunajambulidwako kunanyamuka kumeneko padziko pano pasanakhale munthu. Pakati pake pali dzenje lakuda, chinthu cholemera kwambiri chomwe chimakoka zonse, ngakhale kuwala kukalowamo sikutulukanso. Mpweya ukamagweramo sulowa molunjika. Umazungulira ngati madzi m'beseni lobooka pansi, n'kupanga chimbale chathyathyathya. Pozungulirapo umakhulana, n'kutentha, n'kuwala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'ambawo kuziphatikiza pamodzi. Izo ndinazimva msanga. Chitsulo ukachikanikiza pa gulayinda, makina onolera aja, chimafiira.

Chomwe chinkawasowetsa mtendere n'chakuti dzenjelo silimeza zonse. Zina zimathawa, ndipo zimathawa m'njira ziwiri. Ankajambula pansi ndi kachidutswa ka rodi yowotcherera. Njira yoyamba ankaitcha mphepo: mpweya wonyamuka pachimbale paja, wokankhidwa ndi kuwala kwenikweniko, wobalalika ngati utsi wa mbaula. Yachiwiri ankaitcha mkondo: wopyapyala, wotulukira pamwamba ndi pansi pa chimbale monga ekiselo imatulukira mbali ziwiri za wilo, wothamanga pafupifupi ngati kuwala. Mphepo, anati, imapezeka pa makweyiza ambiri. Mkondo wamphamvu uli pa ochepa okha. Chifukwa chake, ophunzira akukanganabe.

"Kuwala kungakankhe chinthu?" ndinawafunsa. "Ine dzuwa silinandigwetsepo."

"Limakukankhani, koma pang'ono zedi. Musonkhanitse madzuwa osawerengeka malo amodzi, muone ngati chipewa chanucho chikhale pamutu."

"Mphepoyo munaiona?"

Anati palibe anaiona monga timaonera fumbi. Amatenga kuwala kwa kweyiza n'kukumwaza m'mitundu yake ngati utawaleza. Mu utawalezamo mumapezeka mipata, pomwe mpweya wodutsa kutsogolo wadya mtundu wina. Mipatayo imakhala itasuntha pamalo pake, ndipo kusunthako ndiko kumaulula kuti mpweyawo ukuthamangira kuno. Anati zili ngati hutala ya minibasi, yomwe imalira mokweza ikamabwera, n'kutsika ikadutsa. Tinadikira minibasi yotsetsereka kuchokera kumtunda. Zinali zoona. Zaka zonsezi ndinkaimva, osaiganizira.

Ankakondanso kunena kuti mphepoyo ikakula imasesa mpweya m'mlalang'amba, womwe ukanabala nyenyezi zatsopano, womwenso dzenjelo likanadya. Dzenje limathamangitsa chakudya chake chomwe. Kondakitala wina amene ankadikira kuti ndimulumikizire chitseko anamva zimenezi.

"Ndiye ndi chitsiru, madala, dzenje lanulo."

"N'chimodzimodzi inu," anatero a Nakhwala. "Mumakuwa pa siteji mpaka okwera kuthawira minibasi ina."

Anali ndi makani. Munthu akawayankha kuti ndi momwe Mulungu anapangira, ankavomera, kenako n'kufunsa kuti anapanga bwanji. Ankati mmisiri amasangalala ndi munthu woyang'anitsitsa polumikizira geti, osati wongoti geti n'labwino. Ku tchalitchi sankajomba. Ankaimba besi, molakwitsa.

Ine ndi iwo mkangano wathu unali umodzi, ndipo sunathe. Ine ndinkati paipi ilipo, kungoti pachithunzi sikuoneka. Moto suongoka wokha. Ndagwira moto moyo wanga wonse. Iwo ankati ndakhoza pang'ono. Tsiku lina anabwera ndi maginito a m'sipika yakale, n'kuwaika pansi pa katoni, n'kuwazapo fumbi la zitsulo la pansi pa gulayinda. Fumbilo linandanda m'mizere yokhota.

"Mizere iyi ilipo ngakhale fumbi palibe," anatero. "Kumwamba kuja chimbale ndi dzenje zikamazungulira zimaipota mizere yotereyi ngati chingwe cha khonje. Mpweya wotentha sungathe kuidumpha, umangotsata m'katimo. Paipi yanu ndi imeneyo."

"Ndiye ipoteni ndione."

Anatafuna mtedza. Kenako anati sangathe. Anati zimenezi anaziwerenga, akhoza kuziphunzitsa, koma sanaonepo ndi maso awo moto utaima chilili wopyapyala chifukwa cha kuzungulira kokha. Anati akufuna kuuona. Anati nthawi yawachepera.

Za nthawiyo anandimasulira ndi Lusiya. Anabwera atavala yunifolomu, atate ake kulibe.

"Ankolo, maso a adadi akutha. Si ng'ala yoti n'kupala. Mdima ukubwera kuchokera m'mbali, kutsala kabowo pakati, ndipo kabowoko kakuchepa. Zomwe zapita sizibwerera. Chonde musamawalole kuyang'ana moto wanuwu."

Ndinawagulira galasi lakuda. Ankalivala ine ndikamawayang'ana. Ndikaweramira ntchito ankalikweza pachipumi. Tsiku lina ndinazimitsa makina n'kuwauza kuti apite kwawo.

"Mukundithamangitsa, Amisiri?"

"Eya."

"Maso ndi anga."

"Shedi ndi yanga."

Anapita. Masiku angapo sanabwere. Atabwera anakhala pampando atafulatira moto, osandipatsa moni, mpaka dzuwa kupendeka. Pochoka anasiya mtedza pa benchi.

Nkhani yomwe anthu a kuno amawakumbukira nayo ndi ya kamvuluvulu, ndipo amaikamba molakwika. Inachitika Lusiya asanandiuze za maso. Unali Okutobala, masana, kutentha koopsa. Kumunsi kwa shedi kuli bwalo la mpira la fumbi lokhalokha. Kamvuluvulu anadzuka pakati pa bwalo, wamtali, atanyamula mapepala ndi majumbo. A Nakhwala anaimirira.

"Amisiri, taonani. Waima. Paipi ili kuti?"

Sanadikire yankho. Anatsetsereka, munthu wa msinkhu umenewo, jekete likuuluka. Anamuthamangira kamvuluvuluyo n'kulowa pakati pake, akuwaza makoko a mtedza kuti aone komwe apite. Amayi omwe anali pa mpopi anaona zonse. Kwathu kuno kamvuluvulu anthu amamupatuka, amati mumayenda afiti. Ndiye apa nkhalamba yalowamo mwadala, ikuwaza zinthu, milomo ikugwedera. Pofika madzulo nkhani inali itafika kumsika yakuti Aphunzitsi amakapereka moni kwa anzawo. Ena anati m'thumba muja amasungamo chithunzi cha diso la munthu. Ana anayamba kuwathawa.

Mkulu wa mpingo anawalondola pa shedi. Anali munthu waulemu, ndipo nkhaniyo inkamulemera pakamwa.

"Aphunzitsi, anthu akulankhula. Mumakatani m'kamvuluvulu muja?"

"Kukaona ngati pakati pali mphepo."

"Ndiye munapezamo chiyani?"

"Fumbi. Linanditseka m'maso ndisanaone kanthu. Ndinapita pachabe."

"Nanga milomo ija? Akuti mumanena mawu."

"Ndimalavula mchenga, abambo."

Mkuluyo anapempha kuona chithunzi. Anachiyang'ana, n'kuchitembenuza ngati anzake onse. A Nakhwala anamukhazika pa chigubu, n'kuyamba kujambula pansi. Munthuyo anachoka dzuwa litalowa, mutu uli wolemera. Lamulungu lake anauza mpingo kuti Aphunzitsi si mfiti, kungoti ali ndi mafunso ambiri, ndipo wofuna kuwafunsa kanthu adyeretu.

A Nakhwala za ufitizo sizinawakhudze. Chomwe chinawakhala m'mutu n'chakuti mphepo yozungulira imatha kuima yokha. Atayamba kunena za kuchepa kwa nthawi, anandiuza kuti tipange kamvuluvulu wathu, wa moto, ngati omwe anthu amati amadzuka lupsa likamayaka m'phiri.

Ndinagoneka wilo la njinga chathyathyathya pa chitsulo chozikika pansi, kuti lizizungulira ngati chimbale chawo chija. Pamwamba tinaika thireyi. Poyamba tinayesa ndi madeya, poopa moto. Nditazungulitsa, madeya anamwazikira mbali zonse, n'kukathera pa zovala zomwe mayi woyandikana nane anayanika. Mayiyo anatitukwana tonse awiri, kuyambira ine.

"Mphepo yatheka," anatero a Nakhwala, akudzisasa jekete. "Kwatsala mkondo."

Mkondo sunatheke. Tinaika chitini cha nsanza za parafini pakati, moto n'kumangoweyeseka. Ndinawotchererapo mapiko a malata, motowo n'kuzima. Ndinapinda mapikowo mbali ina, moto n'kugona chammbali, kutsala pang'ono kunyambita denga. Ine ndinatopa. Ndinatenga paipi n'kuivundikira pachitini. Lawi linatulukira pamwamba, loongoka.

"Si uwo," ndinatero.

"Chotsani."

"Mwati mukufuna kuuona."

"Ndikufuna kuona womwe ulibe paipi. Wa paipi ndinauona tsiku la ambulera."

Dzinja linadutsa tikuyesa. Ndinayamba kuona kuti potsika kuchokera kwawo ankayenda m'mbali mwa mpanda, dzanja likukhudza. Chithunzi chija ankachitulutsabe, koma nthawi zina chozondoka. Kenako anagwera m'ngalande. Lusiya anati basi, asatulukenso okha. Wilo ndinalikoloweka pakhoma. Mpando unakhala wopanda munthu kwa miyezi.

Loweruka lina masana ndinaona awiri akutsika. Lusiya patsogolo, atate ake atamugwira paphewa. Kukhwapa kwa Lusiya kunali mpukutu wa waya wa m'mawindo, uja wotchinga udzudzu.

"Ndamatula pawindo la kuchipinda kwawo," anatero. "Udzudzu uwalume, bola nkhaniyi ithe. Kunyumba sitikupuma. Chakudya akukana, akungoti wilo, wilo."

Anati anafufuza pa foni, n'kupeza anthu akuchita zomwezo. Wayayo umamupinda ngati dengu lalitali lopanda chivundikiro, n'kumuimika pa wilo, moto pakati. Waya akamazungulira amakoka mpweya wolowa m'timabowo n'kuuzungulitsa.

"Pa foni," anatero a Nakhwala, ngati alawa chinthu chowawa. "Ine ndaganiza chaka chathunthu."

"Ndiye tibwerere, adadi?"

"Ndani wanena zobwerera? Amisiri, tsitsani wilo."

Ndinawakhazika pampando pawo. Maso anali otsegula, koma ankayang'ana pomwe ine panalibe. Ndinapinda waya, n'kumumanga pa masipoko. Ndinaimika malata kumbali yochokera mphepo. Chitini pakati, nsanza, parafini, machesi. Moto unayaka monga mwa masiku onse, waufupi, wonyambita uku ndi uku. Ndinakankha wilo pang'onopang'ono.

Poyamba palibe chinachitika. Kenako malawi anasonkhana, n'kuyamba kupotana. Anakwera. Anapitirira pamwamba pa waya, lawi limodzi, lopyapyala ngati mpini wa fosholo, litaima chilili, likulira pang'ono. Ine ndagwira moto kuyambira ndili mnyamata. Woterowo ndinali ndisanauonepo.

"Mwakhala chete bwanji?" anafunsa.

"Waima," ndinatero.

"Musandisangalatse, Amisiri."

"Ine sindisangalatsa munthu."

Anatembenuzira nkhope komwe kunkachokera kutentha. Anatsinzina, n'kutsegula. Anapendeketsa mutu kufunafuna kabowo kaja. Kanali katatsekeka.

"Palibe," anatero. "Ndachedwa."

Ndinasiya kukankha. Wilo linayamba kufooka, lawi n'kutsika. Kenako a Nakhwala anaimirira n'kutambasula dzanja.

"Zungulitsaninso. Lusiya, ndigwire apa."

"Mupsa, adadi."

"Ndiwe namwino. Undimanga."

Lusiya anandiyang'ana. Ine ndinakankha wilo. Lawi litakwera, anawagwira pamkono n'kukweza dzanja lawo pamwamba pa nsonga ya moto, patali ndithu, n'kulidutsitsa kuchokera kumanzere kupita kumanja.

"Pozizira," anatero a Nakhwala. "Pozizira. Apa." Anabweza dzanja msanga. "Bwereza. Kuchokera mbali inayo."

Lusiya anabwereza. Pozizira, potentha, pozizira. Ubweya wa padzanja unanunkha. A Nakhwala anaonetsa ndi zala kukula kwa malo otenthawo, n'kundifunsa ngati lawi lili choncho. Ndinati n'locheperapo. Anandiuza kuti ndiimitse wilo. Moto unagwa n'kubalalika, iwo n'kupapasa m'mwamba muja osapeza kanthu. Anati ndizungulitsenso. Anaupeza pomwe anausiya.

"Ukukhudza wayayo?"

"Ayi. Uli pakati."

"Ndiye paipi yanu ili kuti, Amisiri?"

"Wayayo ndi paipi. Yobookabooka."

"Paipi yomwe moto sukuikhudza? Ndipo wapitirira pamwamba pake uli woongokabe?"

Ndinangokankha wilo. Anaseka kuseka kuja kothera m'chifuwa, misozi ikutsika m'maso osaonawo. Atakhala pansi anatichenjeza kuti tisanamize anthu. Anati iyi si kweyiza. Apa chopotana ndi mpweya wamba, ndipo moto ukukwera chifukwa mpweya wotentha umapepuka. Kumwamba kuja chopotana ndi mphamvu ya maginito. Anangoti tsopano dzanja lawo ladziwa kuti chinthu chosaoneka chikapotana chimatha kugwira moto n'kuuongola. Kenako anakwinya nkhope.

"Koma uja umatulukira mbali ziwiri. Wapansi uli kuti?"

"Adadi, basi," anatero Lusiya. "Tiyeni mukadye."

Tsiku limenelo anadya, Lusiya anandiuza. Anabweranso kangapo, atamugwira paphewa. Sankapemphanso moto. Ankangokhala, kumvetsera minibasi zikutsetsereka, ndi kundifunsa chifukwa chomwe makweyiza ena ali ndi mkondo pomwe ena alibe, ngati kuti ine ndingadziwe. Ankati mwina dzenje lina limazungulira mwaliwiro kuposa linzake, mwina ndi maginito, mwina zonse. Anamwalira nyengo yozizira, chibayo. Funsolo anapita nalo. Chithunzi chija Lusiya anachisiya m'thumba la jekete lomwe anawaveka.

Mpando wa minibasi ukadali pakona. Siponji inalowa m'kati mbali imodzi, momwe ankatsamira. M'mng'alu mwake muli makoko a mtedza, sindinawachotse. Makasitomala akabwera amakhala pa chigubu, palibe anawauza. Galasi lakuda lili pa msomali, wilo ndi waya wake pakhoma, ambulera ili kudenga, yolumikizidwa bwino. Pansi pomwe ankajambula pagwera oyilo.

Kwayambanso kutentha. Dzana masana kamvuluvulu anadzuka pa bwalo la mpira, wamtali, woongoka. Amayi a pa mpopi anapatuka. Ine ndinazimitsa tochi, n'kuvula galasi, n'kumuyang'ana mpaka anakathera pa mpanda wa sukulu. Ndinatembenukira pakona kuti ndinene kuti waima.

Panali mpando wokha.